Chitsulo Chokokela Kumanzele

Nditayamba kuphunzila judo ku Petauke, aphunzitsi athu anati munthu sungagwetse mnzako ngati miyendo ndi msana zilibe mphamvu. Motelo anatipangila chonyamula: paipi yachitsulo, uku ndi uku simenti youmila m'zitini za penti.

Ine chitsulocho sindinachikhulupilile. Ndikachisenza pamapewa n'kunjuta, chinkandikokela kumanzele, mpaka phewa la mbali imeneyo linayamba kuwawa. Mpikisano wa ku Nyimba unali pafupi, ndipo ndinkaopa kuti andisiya.

"Bambo, zitinizi sizilingana kulemela," ndinatelo.

"Simenti ndinathila ndekha," anayankha. "Waulesi ndi mkono wakowo. Kwanu ku Msanzala unkalima ndi dzanja limodzi?"

Anzanga anaseka. M'mawa mwake ndinachonga chitini chakumanzele ndi khala, n'kutembenuza chitsulocho ndisanachinyamule. Chinandikokela kumanja. Ndinapempha aphunzitsi kuti ayese okha. Ananjuta nacho, nkhope ili gwa, n'kuchitula.

"Chitini chimodzi ndinaonjezamo miyala simenti itachepa," anatelo. "Uzichitembenuza, mapewa apweteke mofanana."

Ine ndinachisiya, n'kumanjuta nditasenza thumba la chimanga. Phewa linapola, ndipo ku Nyimba ndinapita.