Zala Zitatu za Bambo

Munali mu Januwale 1980, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Hyattsville, ku America, m'zipinda ziwiri zonunkha kapeti yonyowa ndi polishi. Bambo anali dalaivala wa bwana wina wa kwathu, wotumidwa ndi boma. Dalaivala woyamba anachotsedwa chifukwa bwana anatuluka mumsonkhano n'kupeza galimoto ili yokha. Bambo ankaidziwa nkhaniyo. Ntchito ikanatha, tonse tikanabwerera kumudzi, ine n'kusiya sukulu.

Loweruka lina bwana anafuna kupita ndi ana ake kumapiri a kumadzulo kwa Maryland, kukatauni ka m'mbali mwa nyanja komwe anthu amatsetsereka pachipale chofewa atamanga timatabwa kumapazi. Anati nanenso ndikaone. Bambo anavala monga munthu wa kwathu amavalira paulendo: suti, tayi, sokosi zopyapyala, nsapato zachikopa zonyezimira. Mayi anawapatsa majombo obwereka kwa oyandikana nawo. Bambo anati savala nsapato za mwamuna mnzawo.

Tinanyamuka kusanache. Kumeneko nyanja inali itaundana gwaa ndi kuzizira, anthu akuyenda pamwamba pake ngati pabwalo. Kunkanunkha utsi wa nkhuni ndi khofi. Mipando yolendewera pachingwe inkakwera phiri n'kutsika, ikulira mosalekeza. Ine ndinalowa ndi ana a bwana m'nyumba yaikulu yamatabwa momwe munali moto. Bambo sanauzidwe kanthu, choncho anaima pambali pa galimoto. Injini sanailize, poti bwana ankadandaula za petulo. Kukhala pansi anakana. Ankati dalaivala wopezeka ali tambalale ndi waulesi.

Ndinawapititsira tiyi katatu. Ulendo wachitatu ndevu zawo zinali zitayera ndi chisanu.

"Bambo, lowani. Muli malo m'katimo."

"Wandiitana ndani?"

Anandiuza kuti ndisadandaule, mapazi anali kupweteka m'mawa koma tsopano aleka. Tonse awiri tinayesa n'zabwino.

Titafika kunyumba madzulo, Mayi anawavula nsapato. Zala za phazi lamanja zinali zoyera ndi zolimba ngati chinangwa chosenda. Mayi anachita zimene kwathu timachitira munthu wopweteka mwendo: anawiritsa madzi n'kuyamba kuwathowa ndi nsalu. Bambo sankamva kanthu. Anati madziwo ngozizira, awonjezere otentha. Ine ndi amene ndinanyamula ketulo.

M'mawa phazi linali matuza okhaokha. Lolemba Bambo analikulunga n'kuliponda m'nsapato yomweyo, ulendo wa kuntchito. Anabisa masiku asanu ndi anayi. Ankabwera akutsimphina, thukuta lili pamphumi. Tsiku lakhumi mkazi wa bwana anamva fungo m'galimoto. Kuchipatala dokotala anatiuza kuti chisanu chinayamba, koma madzi owira ndiwo anamaliza. Anawadula zala zitatu. Bwana anadikira mwezi umodzi, kenaka anapeza dalaivala wina. Mu Epulo tinakwera ndege kubwerera kwathu.

Ndili mwana ndinkada bwanayo. Nditakula ndinakumana ndi mwana wake ku Lilongwe, ndipo anandiuza kuti atate ake sanadziwe n'komwe kuti Bambo ali panja. Ankayesa akuotha moto kwinakwake. Bambo sindiwaweruza, chifukwa inenso ndikanaima pomwepo.

Tsiku limodzi lija linatidyera zala zitatu, ntchito imodzi, ndi sukulu yanga, yomwe inathera Sitandade 7.