Aginesi wa Fanelo, Ine wa Utsi

Lamulungu, sabata yachiwiri ya Disembala, ku Mbamba Bay.

Tabwerako kutchalitchi. Amayi andikhazika pakhonde kuti ndizipirikitsa nkhuku pa chinangwa chimene ayanika, ndipo ndatenga kope langa. Maso akundiwawabe ndi utsi wa dzulo. Ndikufuna kulemba za ntchito yanga yoyamba isanathe, chifukwa mawa ndi tsiku langa lomaliza.

Ntchitoyi inabwera kudzera pa makina osokera a bambo. Pabwalo la ndege pamayenera kukhala thumba lalitali lansalu, lopachikidwa pamlongoti, losonyeza woyendetsa ndege kumene mphepo ikuchokera. Lathu linang'ambika ndi mkuntho wa mvula yoyamba. Mzee Haule, kapitao wa bwalolo, amene anali msilikali pankhondo, anabwera nalo kwathu. Bambo analitembenuza uku ndi uku.

"Apa palibe chosoka, Mzee. Nsalu yatha yokha. Itanitsani ina ku Songea."

Mzee anati nsalu isanabwere pafunika munthu wofukiza utsi, ndipo anyamata amene ankamuthandiza onse anali atapita ku usipa. Kenako anatiyang'ana ife awiri, ine ndi Aginesi, mwana wa amayi aang'ono amene amakhala kwathu chifukwa cha sukulu. Tinali kusokerera mabatani.

"Nanga atsikana awa, sukulu atsekera?"

"Tatsekera, Mzee. Tiyambe liti?" anayankha Aginesi, bambo asanatsegule pakamwa.

"Ntchito zilipo ziwiri, fanelo ya petulo ndi moto. Fanelo akufuna ndani?"

Ine ndinkaifuna. Ndinadziwa kuti fanelo ili pafupi ndi ndege. Mawu anafika pakhosi, ine ndikuyang'anabe batani, ndipo Aginesi anati, "Ine." Basi zinathera pomwepo.

Ndegeyo ndi yaing'ono, ya injini imodzi. Imabwera Loweruka ndi makalata, mankhwala, nthawi zina ndi dokotala. Woyendetsa wake ndi mzimayi wachizungu wovala buluku, amene anthu amangomutcha Dona wa Ndege. Amayenda ndi Fundi Yusufu, wokonza injini. Tsiku limene ndinamuona Dona akuvula chipewa tsitsi n'kugwera m'mapewa, sindinadye bwino. Sindinkadziwa kuti mkazi angachite zimenezi.

Loweruka m'mawa timayenda bwalo lonse ndi Mzee, makasu ali m'manja. Timagumula pamene chiswe chayamba kumanga, kukwirira mapazi a ng'ombe, kutola miyala ndi kuthamangitsa mbuzi. Tikatha timasiyana. Aginesi amatsalira kumtunda, kumene kuli kanyumba ka migolo ya petulo. Ine ndimapita kumapeto a kunyanja, chifukwa moto suyenera kuyandikira petulo. Pansi ndimayala nkhuni zouma, pambali ndimaunjika masamba aawisi a mango ndi udzu wonyowa. Masamba sindiponya mpaka nditamva injini.

"Lawi alibe nalo ntchito," anandiphunzitsa Mzee. "Dona akufuna utsi woyera, wokhuthala, woti auone ndi maso ali kumwamba. Ndege imatera itayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ngati bakha pamadzi. Ukamunamiza mphepo, bwalo limuthera."

Choipa cha ntchito yanga n'chakuti sindichoka pamoto mpaka injini itazima, ndiponso moto ndiyenera kuuthira mchenga. Ndikamafika kumtunda ndikupuma wefuwefu, ndikununkha ngati nsomba yowamba, zonse zimakhala zitachitika. Aginesi waika kale zipika ziwiri kumatayala. Wakwera pamakwerero, wagwira fanelo yaikulu yoyalidwa chikopa chofewa, Fundi akupopa petulo mumgolo. Chikopacho chimalola petulo kudutsa koma chimagwira madzi ndi zinyalala. Akatha, Aginesi amatsika n'kukamuonetsa Dona timadontho tamadzi totsalira, ndipo awiriwo amaweramira chikopa chimodzi, mitu itatsala pang'ono kugundana. Ine ndimaima kuseri kwa phiko.

Kenako Dona anayamba kumulola Aginesi kukhala pampando wa kutsogolo ndege ili pansi. Pobwerera kunyumba Aginesi ankandifotokozera. Pali ndodo pakati pa miyendo, ukaikokera kumimba mphuno ya ndege imadzuka. Pali zopondera ziwiri zotembenuza tsigiro ya kumchira, monga ya sitima ya panyanja. Pali mawotchi ambiri, ina yonena kutalika kwa pamene wafika, ina yonena liwiro. Iye ankanena akutafuna mango, mawa lake n'kuiwala. Ine ndinkazijambula m'kope ndipo mafunso ankandisowetsa mtendere. Ndinayamba kumutuma.

"Ukamufunse Dona kuti injini ikazima kumwamba, ndege imagwa ngati mwala kodi?"

Loweruka lotsatira anabwera ndi yankho. "Akuti ayi, imatsetsereka ngati mphamba. Ndiye akuti ndimafunsa mafunso anzeru. Akuti ndili ndi mutu wa woyendetsa ndege."

"Unamuuza kuti funsolo ndi langa?"

"Iwe Rute, nanga anandifunsa mwini wake?"

Tsiku limenelo ndinamuthandizabe kuluka tsitsi, koma ndikudziwa kuti ndinkakoka kwambiri. Aginesi si woipa. Ndikadwala malungo ndiye amanditungira madzi. N'chifukwa chake nsanje imeneyi ikundivuta, ilibe poima.

Sabata yatha Dona ananena kuti tsiku limene adzakwere pang'ono kukamvetsera injini, mpando umodzi udzakhala wopanda munthu, ndipo adzatenga mmodzi wa ife atsikana. Sabata yonse ndinkapempherera mpando umenewo, ndikuchita manyazi ndi pemphero langa lomwe. Dzulo ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi, pamwamba n'kukulunga nsalu yakale ya amayi kuti utsi usalowe.

Dzuwa litakwera ndinaona mizati yakuda itaima panyanja ngati kuti madzi akupsa. Inali nkhungu, tizilombo tating'ono tija timatuluka m'nyanja nyengo ino. Mphepo inkachokera kunyanja, ndipo posakhalitsa mtambo wonse unatera pabwalo lathu. Kunada ngati kukubwera mvula. Tizilombo tinalowa m'maso, m'mphuno, m'makutu. Kumudzi kunamveka nthungululu.

Amene sanakulire kuno sangamvetse. Nkhungu ndi ndiwo ya ulere, ndipo siidikira munthu. Amayi amanyowetsa malichero n'kumawazunguza m'mwamba, tizilombo timamatirira, kenako amatiumba timitanda, kukulunga m'masamba a nthochi, kuphika ndi kuyanika. Malo abwino ozunguzira lichero ndi poyera popanda mitengo, ndipo kuno malo oyera koposa ndi bwalo la ndege. Mudzi wonse unathira pamenepo, amayi, ana, agalu. Amayi anga omwe analipo. Analiponso akazi a aphunzitsi athu aakulu, ndi lichero latsopano.

Pamenepo ndinamva injini kuchokera kumapiri.

Ndinaponya masamba onse amene ndinatha kunyamula. Utsi unakwera, koma unalowa mu nkhungu n'kusowa, zonse zotuwa zokhazokha. Ndinathyola nthambi zina, ndinathira udzu wonyowa, ndikutsokomola, misozi ili chuchuchu. Ndege inadutsa pamwamba, inazungulira, inadutsanso chapansi. Kumtunda Mzee ankaliza wezulo yake ya usilikali, koma palibe anatembenuka. Pafupi ndi ine panali amayi ena atatu. Ndinawayandikira n'kugwada pang'ono.

"Pepani amayi, ndege ikufuna kutera."

"Tachoka apa mwana iwe, ndiwo zikuthawa. Ndegeyo idikire, siili ndi mapiko?"

Ndinabwerera kumoto. Mwana wamkazi angathamangitse bwanji akuluakulu? Ndinkadziwa kuti petulo wa ndege ali ndi polekezera, ndipo kumapiri kumene inachokera mitambo inali kutseka. Ndinangowonjezera masamba, chifukwa china choti ndichite ndinalibe.

Zimene Aginesi anachita ndinaziona patali, ndipo mpaka pano sindikhulupirira. Anathamangira kwa akazi a aphunzitsi, anawatsomphola lichero latsopano lija m'manja, n'kuliyatsa liwiro kulowera ku mitengo ya mango ya m'mbali mwa bwalo, akukuwa kuti, "Kuno ndiye kwadzaza! Nthambi zikuthyoka! Otsalira adya mchere!" Akazi a aphunzitsi anamuthamangira chifukwa cha lichero lawo. Ena anathamangira chifukwa anaona akazi a aphunzitsi akuthamanga. Ana anatsatira amayi awo, agalu anatsatira ana. Mzee ananyamula kamwana kamodzi kotsalira m'khwapa. Bwalo linayera.

Nkhungu itapepuka pang'ono, utsi wanga unaoneka utagonera kumtunda. Ndege inabwera kuchokera kumapiri, inagunda pansi, inadumpha kamodzi, n'kuima.

Nditathira mchenga ndinathamanga. Nsalu ya amayi inali itamasuka kalekale, diresi yanga ya kutchalitchi ili bii ndi tizilombo tofera m'thukuta. Ndinapeza Fundi akukokolola nkhungu pa sefa ya mpweya ya injini, akudandaula kuti ndege yake yadya ndiwo za anthu. Anati akatsuka, Dona ayenera kukwera pang'ono kuti amve ngati injini ikupuma bwino.

Dona anapukuta galasi la kutsogolo, anatembenuka, nafunsa m'Chiswahili, "Lero ndi tsiku lija. Akwera ndani?"

Aginesi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana diresi yanga, ndinayang'ana matayala. Dona anaseka nati, "Amene anathamanga ndi lichero uja ndamuona ndili kumwamba. Bwera."

Anamumanga lamba. Fundi anazunguza pulopela, chopalasira mphepo cha kumphuno chija, ndipo injini inalira. Zipika ndinachotsa ndine, koyamba m'moyo wanga, kuchotsera Aginesi.

"Rute, bwerera kumoto," anatero Mzee. "Akwerawa ayenera kutera."

Ndinayenda bwalo lonse ndikulira, ndipo ndinathokoza kuti aliyense adzaganiza kuti ndi utsi. Ndinakolezanso moto. Ndege inali kadontho pamwamba pa nyanja, kulowera cha ku Chiwanda, ikunyezimira ikatembenuka. Ndinkaganiza za wotchi ya kutalika, kuti muvi wake uli pati tsopano, ndiponso kuti amene akuuyang'ana sakudziwa n'komwe kuti ndi uti. Injini itayamba kumveka pafupi ndinakhala ndi masamba m'manja osawaponya. Sindinafune choipa. Ndinangofuna kuti kamodzi kokha wina ayang'ane pansi n'kundisowa.

Kenako ndinamva kuzizira kukhosi. Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumapiri kumene mvula inkagwa. Ndinaponya masamba onse. Utsi unagonera kunyanja. Ndege, imene inali italunjika kale kuchokera kumtunda, inadzutsa mphuno, inazungulira, n'kubwera kuchokera pamadzi. Inadutsa pamutu panga penipeni. Ndinaona mimba yake ya mizere ya oyilo, ndi udzu wokanirira patayala. Sindinayambe ndaiona pafupi chotero ikuuluka.

Pobwerera kunyumba Aginesi ankayenda ngati wadwala. Anali atasanza m'kathumba kapepala.

"Unaona chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndinatsinzina."

"Njira yonse?"

"Iwe, pansi pamachoka. Mimba imatsalira. Anandiuza kuti ndigwire ndodo pang'ono, ndinakana."

Apa ndiye panandipweteka koposa. Anapatsidwa ndodo n'kukana.

"Ndinatsegula kamodzi," anapitiriza. "Anandigwedeza kuti ndione utsi watembenuka. Ndiye anandifunsa kuti, kodi mnzako wa utsi uja ndi wosalankhula? Ndinati amalankhula, koma ndi kope lake lokha."

"Ukanandisiyira ine mpandowo, Aginesi."

Anaima pakati pa njira. "Ukananena. Ndinakuyang'ana, Rute. Ndinadikira mpaka manyazi. Ukufuna ndizikufunsira mafunso, ndikukwerere ndege, ndikusanzirenso?"

Tinafika kunyumba. Akazi a aphunzitsi anali atafika kale kudzadandaula za lichero, ndipo amayi anamukalipira Aginesi akubisa kuseka. Ndiwo inali nkhungu. Ine sindinaikhudze.

Ndaganiza zimenezi mu tchalitchi monse, Mulungu andikhululukire, ulaliki sindinaumve. Ndinkayesa kuti munthu ukagwira bwino ntchito yako, ena adzaona okha chimene mtima wako ukufuna. Anaonadi, koma anaona utsi. Utsi umanena za mphepo basi, sunena kuti amene waukoleza akufuna kukwera. Aginesi sanandilande kanthu. Kawiri konse chinthucho chinaikidwa pakati pathu, fanelo ndi mpando, ndipo kawiri konse ine ndinayang'ana pansi. Nsanje sinandichoke, ndisaname. Ndikamuona akusenda chinangwa apo, ndimakumbukira kuti manja amenewo anali pafupi ndi ndodo.

Nsalu ya thumba lija yabwera ndi ndege ya dzulo. Ili pa makina a bambo, yoyera ndi yofiira. Asoka mawa, ndipo likapachikidwa wa utsi safunikanso. Ntchito ya fanelo ipitirira. Dona sanabwerere chifukwa mvula inatseka mapiri, anyamuka mawa m'mawa. Mzee wati ndikakoleze moto komaliza, mwina Dona angapeze njira itatseka n'kubwerera.

Ndili ndi funso limodzi limene sindinamutume Aginesi: mitambo ikabisa mapiri ndi nyanja yomwe, woyendetsa ndege amadziwa bwanji kumene kuli Songea? Ndaliyeseza m'Chiswahili mokweza, nkhuku zamva. Mawa ndidzuka Aginesi asanadzuke, ndikafika pamene Fundi akumasula zingwe za mapiko. Sindikaima kuseri kwa phiko. Ndikamuuza Dona kuti dzina langa ndine Rute, wa utsi uja, ndipo ndikafunsa ndi pakamwa panga. Kumoto ndikapita nditamva yankho.