Tsamba la Fodya pa Laputopu ya Zelesi

Zelesi, mwana wa mlongo wanga, anabadwa zala zikugogoda m'malere ngati zili pa kiyibodi, mpaka azamba a ku Santhe anathawa n'kusiya nsapato. Chabwino, ndanama. Anabadwa akulira ngati mwana aliyense, kungoti mokweza kwambiri.

Zoona zake n'zakuti anakulira pansi pa tebulo la bambo ake, malemu a Ephraim, amene anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Wimbe. Esitetiyo itatsekedwa, anawapatsa chikompyuta chakale cha Linux, cholemera moti ngolo inachibweretsa ng'ombe zikulira misozi. Alamu angawo anadziphunzitsa okha mpaka anapanga kapulogalamu kawokawo kolembera. Kuwala koyera kunkawapweteka maso, ndiye ankagunditsa tsamba la fodya wouma pagalasi la kompyutayo n'kumasintha mtundu wake pang'onopang'ono, mpaka galasi lonse linafanana ndi tsamba la fodya wa bale lapakati pa mtengo wake. Zelesi anaphunzira kulemba dzina lake pa mtundu umenewo, m'nyumba monse mukununkhira chigafa.

Lero ndi mphunzitsi wa sekondale ku Santhe, ndipo mayeso onse a ana ankawalembera pa chikompyuta chomwecho. Koma chaka chatha chinayamba kutsokomola. Akachiyatsa chinkabuula ngati thirakitala yokwera chitunda, nthawi zina n'kungozima pakati pa chiganizo. Zelesi anadziwa kuti chikafa, kapulogalamu ka bambo ake kapita nacho. Laputopu imene anamupatsa kusukulu inali ya Windows, ndipo ankaigwiritsanso ntchito aphunzitsi anzake, choncho sakanaifufuta kuti aikemo Linux.

Anasamutsira kapulogalamuko pa fulashi, koma poti kanalembedwera Linux, Windows inakakana ngati mlendo wofika nthawi ya njala. Pamenepo anaika mu laputopumo pulogalamu ina yotchedwa Cygwin. Anthu a kuno akamufunsa, ankawafotokozera kuti zili ngati tenanti wochokera ku Mulanje: mwini esiteti sadziwa makhalidwe a kwawo, koma kapitawo amamupatsa kanyumba n'kumamulankhulira kwa bwana. Cygwin ndiye kapitawoyo.

Sizinayende msanga ayi. Akadina batani lofufutira, kapulogalamu kankalavula tizizindikiro tachilendo. Akakonza izo, mafayilo ankasochera njira. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde, akuwerenga mizere imene bambo ake analemba, kuphatikizapo timawu tawo tam'mbali: "Apa musakhudze, ngakhale ine sindikudziwa chifukwa chake zikuyenda." Ankaseka yekha, kenako n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

Mvula yoyamba itagwa, chikompyuta chija chinazima osadzukanso. Sabata yomweyo kapulogalamu kanatseguka pa laputopu, mabatani onse akumvera. Koma mtundu sunali uja ayi. Galasi linali lofiirira ngati Fanta. Manambala a mtundu anali omwe aja a bambo ake, koma iwo anawasankhira galasi lakale lodzaza fumbi ndi utsi. Pa galasi latsopanoli sanali fodya ayi, ndipo poyerekezera panalibenso.

Anadikira mpaka fodya wa chaka chino atauma. Anapita ku chigafa cha anansi, anadumpha masamba apansi odya dothi, nasankha limodzi lapakati, lofewa ndi chinyezi cha m'mawa. Analigunditsa pagalasi n'kuyamba kusintha manambala, kuchotsako kufiira, kuwonjezera mdima pang'ono. Mwadzidzidzi malire a tsamba ndi galasi anasowa. Kenako anasegula fayilo yatsopano n'kulemba mayeso a Fomu 2.

Anandiitana m'mawa womwewo kuti ndidzaone, koma ine ndinafika masana, nditatchena.

"Eee, mtundu ndi womwewo!" ndinatero. "Maso angawa sanama. Tsiku limene alamu ankausankha ndinalipo, tsamba lake ndinawagwirira ndine. Dzanja linachita dzanzi masiku atatu."

Zelesi anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Amalume, chaka chimenecho munali ku Joni, mukutilonjeza mabulangete amene sanafike mpaka lero."

"Ndinabwera pa holide, mwana iwe."

"Chabwino. Ndiye vulani kaye magalasi akudawo, muone kuti laputopuyi yathima kalekale, batire yatha."