Bokosi Langa Pampando wa Ulemu

Ndinafika pa siteshoni ya Nyimba 9 koloko m'mawa, bokosi la ayisi lili m'manja. Munali timabotolo khumi ndi tiwiri ta madzi a m'magazi a amayi oyembekezera a ku Ndake, touma gwa ndi kuzizira. Ife a mu labu timafunamo timatumba ting'onoting'ono timene maselo amatulutsa m'magazi, tonyamula uthenga wa chibadwa. Timatumbati n'tonyada kuposa mkwatibwi: tikasungunuka n'kuumanso timaphulika, uthengawo n'kuonongeka. Ndinayenera kutifikitsa mu firiji yaikulu ku Petauke tikadali touma. Komanso amayi aja ndinali nditawalonjeza, amuna awo akumva, kuti singano ndi ya tsiku limodzi basi.

Galimoto ya kuntchito inali ku galaji monga mwa masiku onse, choncho ndinakwera minibasi, K100. Kondakitala, bambo wa imvi, analumbira kuti tikunyamuka pompano. Tinanyamukadi, patapita maola awiri.

"Muli cani umu, a dokota?" anandifunsa.

"Za cipatala, bambo. Musamale."

"Aaa, katundu wa cipatala sungankhale kumbuyo na nthoci! Tiupatse ulemu."

Ananyamula bokosilo ndi manja awiri ngati mbale ya apongozi, n'kupita nalo kutsogolo. Ine anandipanikiza kumbuyo kwenikweni, mikoko ya nthochi za pa Nyimba ili pamaondo. Sindibisa, ndinanyadira. Ndinati mumtima, onani dziko likutukuka, sayansi yayamba kulemekezedwa.

Tinayenda mwaulemu womwewo, kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene ankangopatsa moni dalaivala. Nthawi itakwana 1 koloko tinaima pa Minga. Ndinagula chinangwa chokazinga cha K5, kenako ndinati ndikazonde mlendo wanga, bokosi lija. Ndinampeza atakhala pakati pa dalaivala ndi mayi wina wa duku lofiira, atafunditsidwa chitenje.

"Osada nkhawa, a dokota," anatero mayiyo. "Naifundika kuti fumbi isangene. Ili bwino, yafunda monga mwana."

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira zimene aliyense wokwera minibasi amadziwa: pansi pa mpando umenewo m'pamene pali injini. Nditagwira kunsi kwa bokosi, kunali ngati mbaula. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Anthu onsewa anandichitira zabwino zokhazokha. Ndinathokoza, n'kulikumbatira bokosilo mpaka pa mphambano ya ku Petauke, likuchita khuvukhuvu pa bampu iliyonse.

Takisi ya K20 inanditula pa labu cha m'ma 2 koloko. Mnzanga wa ntchito, amai Mwanza, anatulutsa kabotolo kamodzi, n'kukapendeketsa. Madziwo anayenda bwinobwino.

"Mwatibweletsela tiyi?" anafunsa. "Kapena tiike mu filiji, tinamizile kuti sitinaone?"

Sitinanamizire. Tinalemba kuti tonse khumi ndi tiwiri tawonongeka, ndipo mtima unandipweteka kwambiri.

Ndaphunzirapo chimodzi. Ndikanangoti muli tinsomba ta kapenta, bokosilo akanaliponya pansi pa mpando wakumbuyo, pamthunzi, n'kufika lili lozizira. Tsopano Lolemba ndikubwerera ku Ndake ndi singano ija ya tsiku limodzi, kukafotokozera amuna khumi ndi awiri kuti magazi a akazi awo anafa ndi ulemu.