Kamera Yoona Mumdima ya Che Yusufu

Ndinanyamuka pa Phalombe boma Loweruka lina la mu Okotobala, hafu sikisi m'mawa, nditatseka kasitudiyo kathu. Ndimati kathu, koma mwini wake weniweni ndi amuna anga, bambo a Tadala, amene ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Anandisiyira kamera yaing'ono ndi nsalu yabuluu yojambulira zithunzi za ziphaso.

Kamera imeneyo dzuwa likangolowa imafa maso. Wabizinesi wina anali atandipatsa ntchito yojambula ukwati wa mwana wake, ndipo anandiuza poyera kuti wagula makombola odzaphulitsa madzulo. Ngati sindingathe kuwajambula, akatenga munthu wa ku Blantyre. Panalinso chifukwa china chimene sindinauze munthu. Chaka chatsopano chilichonse bambo a Tadala amanditumizira zithunzi za makombola a kumeneko, thambo lonse maluwa okhaokha, kenako pansi pake n'kulemba kuti, "Koma ine ndasowa moto wa m'phiri la Michesi." Amanena moto wolusa wa m'chilimwe, umene madzulo umaoneka ngati mkanda wofiira m'khosi mwa phiri. Ndinayesa kangapo kuwajambulira. Chinkatuluka chithunzi chakuda bii, chokhala ndi timadontho titatu.

Mphunzitsi wina ndiye anandiuza za Che Yusufu, wojambula wakale amene anasiya ntchito n'kukalima mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Anati akugulitsa makamera ake.

Minibasi yopita ku Migowi inandidya K2,000. Kondakitala ankalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi, koma munthu mmodziyo tinamudikira mpaka seveni koloko. Pambali panga panali mayi wachikulire atafungatira beseni la kalongonda.

"Moseliwa?" anandilonjera m'Chilomwe, kenako anafunsa kumene ndinkapita.

"Kukagula kamera, mayi. Yojambula usiku."

"Usiku? Mukufuna kugwira afiti?"

Minibasi yonse inaseka, dalaivala yemwe.

Pa Migowi ndinamwa tiyi ndi chigumu, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Anatchula K8,000, tinagwirizana sikisi. Tara anatha msanga, panatsala fumbi ndi mabampu. Phiri linkacheperachepera kumbuyo kwathu, kutsogolo kuli dambo lathyathyathya louma, ng'ombe zili mbuu, ndi njinga zakapalasa zosenza madengu a matemba. Cha m'ma teni koloko mphepo inayamba kununkha nsomba.

Che Yusufu ndinawapeza pakhonde, bambo wamtali wa ndevu zoyera, atavala kofiya. Titalonjerana anatulutsa chikwama, n'kuyala makamera awiri pamphasa. Imodzi inali yopyapyala, yonyezimira, yokwana m'thumba. Inayo inali yakuda, yolemera ngati njerwa, utoto utasupuka m'makona.

Dzanja langa linathamangira yonyezimirayo.

"Aliyense amayambira pomwepo," anatero. "Tiyeni, mwanangu, tikapange usiku."

Anandilowetsa m'kachipinda kosungira matumba a mpunga, kopanda windo, n'kutseka chitseko. Akazi awo, Abiti Saidi, anabwera ndi chikuni chamoto n'kuyamba kuchizunguza m'mwamba. Ndinajambula ndi yonyezimira ija. Fulashi inathwanima, ndipo chinatuluka chithunzi cha Abiti Saidi atatsinzina, atagwira nkhuni. Moto sunaoneke n'komwe.

"Fulashi imathamangitsa mdima, pamene inu mukuufuna," anatero Che Yusufu. "Imeneyi imaganiza yokha, siimvera munthu."

Kenako anaimika yakuda ija pa miyendo yake itatu yachitsulo. Anandionetsa kagudumu kouzira kamera kuti diso lake likhale lotsegula nthawi yaitali bwanji, ndi pozungulizira lenzi kuti ione kutali.

"Dinani, muchotsepo dzanja. Musapume n'komwe. Werengani mpaka folo."

Ndinawerenga. Pagalasi la kamera panatuluka mizere yofiira yopindikapindika, yoyaka, pamdima wakuda bii.

"Makombola ndi chimodzimodzi," anatero. "Funsani zitatu basi: kodi ikulola kuti muilamule nokha, kodi ili ndi poima posagwedezeka, kodi batire lake limapirira. Zina zonsezo n'zokometsera mtengo."

Masana Abiti Saidi anatiphikira mpunga wonunkhira ndi mlamba wowamba. Ine ndi iwo tinadyera kuseri, koma titatha tonse tinakhala pakhonde, ndipo ndinapezeka ndaulula za bambo a Tadala ndi moto wa m'Michesi. Che Yusufu anayang'ana akazi awo.

"Inenso ndinakhala ku Joni zaka khumi ndi chimodzi," anatero.

"Ndipo ine ndinkawatumizira zithunzi mwezi ndi mwezi," anatero Abiti Saidi. "Mwana wayamba sukulu, chithunzi. Nyumba tafolera, chithunzi. Iwo akaona, mtima pansi, n'kuwonjezera chaka china."

"Ndiye anabwera bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinasiya. Ndinangolemba kuti mwana wanu wamera ndevu, mukafuna kuziona mukudziwa njira."

Che Yusufu anaseka, koma maso awo sanaseke. "Ndinamupeza ndi ndevu ndithu. Anandipatsa moni ngati mlendo."

Ndinatenga yakudayo pamodzi ndi miyendo yake. Popereka, Che Yusufu anaisisita kaye ndi mkono wa malaya, ngati akupukuta mwana kumaso.

Wakabaza uja anadzanditenga itakwana fili koloko. Njira yonse ndinafungatira chikwama pamimba, miyendo yachitsulo ija ikundigogoda kumsana. Pa Migowi minibasi inachedwanso kudzaza, moti pa boma ndinatsika kutayamba kuchita chisisira, amayi a pamsika akulongedza tomato wawo.

Sindinapite kunyumba. Ndinaima kuseri kwa kasitudiyo, pamene phiri limaonekera lonse. Moto unali utayaka kumtunda. Ndinaimika kamera, ndinadina, ndinachotsapo dzanja. Koyamba chithunzi chinagwedezeka. Kachitatu chinatuluka: Michesi yense, moto uli psuu, nyenyezi ziwiri pamwamba pake.

Foni inali m'manja. Ndikanatha kuwatumizira bambo a Tadala nthawi yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti akanalira. Ndinaima pamenepo mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Ndinapita ku Chilwa kukaphunzira kujambula mdima, ndipo ndinaphunziradi. Ukwati uja ndinaujambula, makombola onse anaoneka. Koma chithunzi cha phiri ndinachitsukitsa chachikulu, n'kuchipachika kuchipinda kwathu, mbali imene bambo a Tadala amagona. Ndinawalembera kuti chilipo, ndi chokongola, ndipo pafoni sichikwana.

Anayankha patapita masiku awiri. Anafunsa mtengo wa basi kuchokera ku Blantyre kufika ku Phalombe masiku ano.