Mapazi Khumi ndi Awiri a Bambo Alfonsi

A Alfonsi Mbewe a ku Nabvutika anayamba kulemba mizere pabwalo la mpira la m'tauni mpanda usanamangidwe, ng'ombe zikudya udzu pagolo, oonerera akukhala pachulu. Zida zawo zinali chitini chobowola, laimu ndi miyendo. Tepi yoyezera ankati ndi ya anthu osadzikhulupirira. Kuchokera pagolo kufika pomenyera penate ankaponda kakhumi ndi kawiri, n'kuthira laimu, basi.

Zinadutsa zaka makumi atatu. Mpanda unamangidwa, chulu chinagumulidwa, pakhomo anayamba kulipiritsa. Mawondo a bambowa nawo anayamba kuuma. Magoloboyi ankadandaula kuti masiku ano penate ikumafika msanga, koma amamumvera ndani goloboyi woti wachinyidwa?

Timu itakwera ligi, kunabwera mayi wa ku Lusaka, Ireen Zulu, kudzayendera bwalolo. Anatambasula tepi kuchokera pagolo kufika pomenyera penate, n'kuyang'ana kawiri.

"Bambo, apa pafunika mamita khumi ndi imodzi. Ine ndapeza asanu ndi atatu."

"Tepi yanuyo yatamuka ndi dzuwa, mayi."

"Kapena miyendo yanu ndiyo yafupika?"

Wapampando wa timu anapukuta thukuta. "Madala, tionetseni mapazi anuwo. Akapanda kukwana, chitinicho muchisiye lero."

A Alfonsi anavula nsapato, n'kuima pamzere wa golo. Anatambasula mwendo ngati akulumpha ngalande ya mumsika. Kamodzi. Kawiri. Atafika kachisanu ndi chiwiri buluku linangoti kwee kumbuyo, azimayi ogulitsa nsawa pageti n'kufa nako kuseka. A Alfonsi sanacheuke. Phazi lomaliza linatera ndendende pamene panathera tepi.

"Mwaona?" anatero ali wefuwefu, dzanja limodzi litaphimba pong'ambikapo. "Miyendo ilibe mlandu."

"Nanga laimu ali kumbuyo kwanuyo anathira ndani?" anafunsa mayi Zulu.

"Tsiku limenelo ndinali ndi chimfine."

Mayiyo anaseka mpaka kugwetsa tepi. Kenaka anayeza chingwe cha mamita khumi ndi imodzi, n'kuwapatsa kuti aziyezera, bwalo n'kulivomereza. Chitini sichinalandidwe.

Chingwecho chili kwawo ku Nabvutika. Akazi awo, a Sesiliya, amayanikapo zovala, ndipo choyamba kuyanikidwa chinali buluku lija atalisoka. Loweruka lililonse a Alfonsi amapondabe kakhumi ndi kawiri, mano atalumana, atavala buluku lalikulu la alamu awo.