Timizere Tinayi Takumapeto kwa Gitala

Magitala anga anali asanu, ndipo mkazi wanga ankandiseka kuti ndine wamitala. Ntchito yanga inali yokonza mawailesi pa Katete, pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu wobadwira ku Malawi. Anthu ochokera kumigodi ankafika ndi katundu wa m'tauni amene kumudzi analibe ntchito, poti gitala yamagetsi popanda amplifaya imalira ngati udzudzu. Ine amplifaya ndinali nayo, yolumikiza ndekha, yoyendera batire ya galimoto, choncho magitala otere ankathera m'manja mwanga. Ina ndinasinthanitsa ndi njinga yopanda mabuleki, ina ndi mbuzi ziwiri. Ina mwini wake anangoisiya pakhondepo osabweranso.

Koma imodzi sindinasinthanitse ndi kanthu. Inali ya achimwene anga, yofiira, yosupuka utoto pamene mkono umagona. Pakhosi pa gitala pamakhala timizere tachitsulo topingasa, timene oimba amati mafuleti. Ukamatsika ndi chala kuchokera kumutu kupita kumimba, kamzere kalikonse kamakweza mawu. Magitala anga enawo anali ndi timizere makumi awiri ndi kamodzi kapena tiwiri, koma ya achimwene inali ndi makumi awiri ndi tinayi, ndipo thupi lake linali losemedwa mozama kuti dzanja lifike kumapeto kwenikweniko. Oimba ambiri sankafikako. Achimwene ankafikako.

Anali ndi nyimbo yawo yopanda mawu, imene anaipeka kumigodi tsiku limene analandira kalata yoti kwawo kwabadwa mwana wamkazi. Inkayambira kumutu, pang'onopang'ono, kenako n'kumakwera mpaka kukathera pa kamzere komaliza, pa chingwe chaching'ono kuposa zonse. Pamenepo ankagwedeza chala, gitala n'kulira ngati khanda lomvekera kuseri kwa nyumba. Anabwerako kumigodi akutsokomola, ndipo miyezi imene anakhala nafe anaithera pondiphunzitsa nyimboyo. Ndinali wouma zala, ankandimenya pamsana pa dzanja ndi kabango. Anamwalira mwana wawo asanayambe kuyankhula bwino.

Monga mwa mwambo, katundu wa achimwene anabwerera kwathu, ndipo alamu anga anapita kwawo ku Sinda ndi mwanayo. Mwanayo sanatengeko ngakhale supuni ya atate ake. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi mwambo basi. Lero ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Panalinso munthu wachitatu pamphasa imene achimwene ankandiphunzitsirapo: msuweni wanga, mwana wa amalume. Iye ankaimba gitala yotsatira pambuyo, ine yotsogolera, ndipo ndisaname, dzanja lake lamanja linali labwino kuposa langa. Tinaimba limodzi zaka zambiri, m'maukwati ndi m'maholo a sukulu, kuyambira ku Mkaika mpaka kumalire. Kwathu msuweni sakwiyiridwa. Angathe kukutukwana pagulu, kukuvula chipewa, kukugwirira tambala n'kukadya kwake, iwe n'kumangoseka, chifukwa tsiku lako lidzafika. Ananditengera pampu ya njinga, nsapato za kutchalitchi ndi lamba. Inenso ndinamutengera jekete, sindikubisa. Zinali zathu zimenezo, ndipo ndinkamukonda kuposa abale anga ena obadwa nawo bere limodzi.

Kenako zinafika zaka zija zimene sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo. Ngati sopo ankasowa, nanji zida za gitala? Zingwe tinkasongola ku waya wa mabuleki a njinga. Koma timizere tachitsulo tinalibe pogwira. Takumutu timatha msanga, chifukwa ndi kumene zala zimakhalitsa. Timakumbika, chingwe n'kumanjenjemera ngati muli ntchentche m'botolo. Ndine ndinapeza nzeru. Pa gitala ina yakufa ndinazula timizere takumapeto, tosagwiritsidwa ntchito, n'kutidula pang'ono poti timakhala totalikirapo, n'kutikhomera kumutu kwa gitala ina. Msuweni wanga ndi amene ankandigwirira pulayala yozulira timizereto. Ndinamuphunzitsa ndekha, ndi manja angawa, ndikudzitamandira.

Tsiku lina masana mtsikana wina anaima pakhondepo n'kugwada pafupi ndi tebulo langa. Ndinayesa wabweretsa wailesi. Atadzutsa nkhope ndinaona chipumi cha achimwene.

"Atate aang'ono, ndikukwatiwa mwezi wamawa," anatero. "Amayi amati atate anali ndi nyimbo yanga. Amayesa kundiimbira koma amathera pakati, akuti kumapeto kwake pakamwa sipafika. Ndimati mudzandiimbireko tsiku limenelo."

Ndinamuyankha kuti, "Mwananga, ngakhale miyendo itathyoka ndidzabwera chokwawa." Atachoka ndinalephera kulumikiza waya. Zaka zonsezo ndinasunga gitala ya atate ake ngati yanga, ndipo tsopano ndinali ndi mpata womubwezera kanthu.

Msuweni wanga anamva zonsezi tsiku lomwelo, kuchokera pakamwa panga. Tinayeserera nyimboyo kanayi kapena kasanu kuseri kwa sitolo. Kutatsala masabata awiri anabwera ndi nkhope yopempha. Anati amuitana kukaimba ku Vubwi, paphwando la amalonda a kumalire, ndipo kukakhala oimba a ku Mozambiki. Gitala yake inali itakumbika timizere takumutu, ikanamuchititsa manyazi. Ndinamulozera anayi enawo kuti asankhe.

"Manje asuweni, mufuna nikaimbe na nkhuni pamaso pa alendo?" anatero. "Nipatseni yofiira. Kapena mwayamba kumana msuweni wanu?"

Ndinakana kawiri. Kachitatu mkazi wanga anandinong'oneza kuti anthu amva kuti ndikuumira, ndipo ndinagonja. Ndinamuuza ndikumuyang'ana m'maso kuti, "Iyi ndi ya ukwati wa mwana wa malemu. Muigwire ngati dzira." Anaika dzanja pachifuwa, n'kunyamula magitala awiri, yake ndi yofiirayo.

Sabata inatha, yachiwiri n'kulowa. Ndinatumiza mawu kudzera kwa dalaivala wa lole ya thonje, yankho linabwera loti tikakumana ku Sinda. Ndipo tinakumanadi, m'mawa wa tsiku laukwati, anthu atatuluka kale m'tchalitchi. Anafika atatuwa ndi fumbi, akuseka, akupepesa kuti msewu wa ku Vubwi ndi wa mfiti. Anatulutsa yofiirayo m'thumba, anaikunga zingwe yekha, n'kundikoleka lamba paphewa. "Nakukonzerani kale, inu ni kuimba chabe," anatero. Ndinaponya diso pakhosi pake, timizere tonse tinkanyezimira, mtima unakhala m'malo.

Tinaimba pansi pa chisakasa cha udzu, batire titaiika pamthunzi. Nyimbo zovinira sizifika kumapeto kwa khosi, choncho sindinazindikire kanthu. Chimene ndinazindikira n'chakuti gitala ya msuweni wanga inkalira bwino modabwitsa, yosanjenjemera, ndipo ndinamugwedezera mutu momuyamikira. Anthu atadya, nkhoswe inaimirira n'kulengeza kuti atate aang'ono a mkwatibwi aimba nyimbo ya malemu. Phokoso linatha. Alamu anga anakokera mpango kumaso. Mkwatibwi anakhala chowongoka, manja pamaondo.

Ndinayamba bwino, kuposa masiku onse. Zala zinkapita zokha, ndipo msuweni wanga ankanditsatira pambuyo mosaphonya. Ndinakwera, ndinadutsa pamene alamu ankathera, ndinafika pa kamzere ka makumi awiri. Nditasuntha chala kamodzi, gitala inangoti thi, ngati wagogoda thabwa lonyowa. Ndinayesa chingwe chaduka. Ndinasunthanso, thi. Pansi pa chala panalibe chitsulo, panali posalala. Ndinakanda ndi chikhadabo, ndipo kanthu kopyapyala kanatuluka mumng'alu n'kumatirira pachala changa. Kanali kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kopindidwa mosamala n'kukanikizidwa mmene munali kamzere. Tonse tinayi takumapeto tinali totero.

Ndinatembenuka. Kumutu kwa gitala ya msuweni wanga timizere tinayi tatsopano tinkawala pakati pa tinzake takuda. Iye sanandiyang'ane. Anamenya zingwe katatu mwamphamvu n'kutseka nyimbo, ngati kuti tinapangana kuti izithera pamenepo. Azimayi anaimba nthungululu, anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoima kakasi, kapepala kali pachala.

Ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuonetsa chalacho.

"Asuweni, kumtunda kuja ni munda wogonera," anatero akuseka. "Mulimako kangati pa chaka? Ine nadyako pang'ono chabe. Si ndimwe munaniphunzitsa?"

Ndinamugwira pakolala. Amalume, atate ake, anali pafupi ndi amuna ena awiri, ndipo anathamanga kudzatilekanitsa. Atamva nkhani anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndi chisuweni chimenecho, kodi ndayamba liti kulirira timawaya? Wina anawonjeza kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndinkayembekeza kuti mmodzi yekha afunse kuti nanga mwana wa malemu, koma palibe anafunsa.

Chisuweni ndimachidziwa, ndinakuliramo. Msuweni akakutengera tambala amamunyamula poyera, akulira kuti aliyense amve, ndipo amakuitana kuti udzadyeko mwendo. Sabisa. Akanandibwezera gitalayo ili ndi ming'alu poyera, n'kundiseka kuti wandikhaulitsa, ndikanakwiya tsiku limodzi, n'kuzula timizere pa gitala ina usanafike ukwati. Nthawi inalipo. Koma iye anakhala pansi ku Vubwi, n'kudula timapepala tinayi, n'kutipinda, n'kutikanikiza ndi nsonga ya mpeni kuti diso langa linyengedwe. Anachedwa dala kuti ndisapeze mpata woyang'ana. Munthu ameneyu anali pamphasa paja achimwene akundimenya ndi kabango, ananyamula nawo bokosi la maliro awo, ndipo ankadziwa bwino lomwe pamene nyimboyo imathera. Anandidyera masuku pamutu, kenako n'kubisala kumbuyo kwa mwambo. Mpaka lero ndikaganiza za timapepala timeneto mtima umandiwawa.

Ndikumasula mawaya kuti ndizipita, mkwatibwi anabwera atakwinya diresi kuti lisakhudze fumbi. Maso ake anali ofiira. Anagwada n'kugwira gitalayo pamene utoto unasupuka.

"Zikomo, atate aang'ono. Ndiye ndi mmene imathera? Imangoduka chonchija?"

Ndikanamuuza. Koma linali tsiku lake, anthu ankamudikira, ndipo ndinalibe mphamvu yomuuza kuti chinthu chimodzi chokha chimene atate ake anamusiyira chafika chodulidwa mchira. Ndinati, "Eya, mwananga, ndi mmene imathera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndamva," anatero. "Ndi mmenenso anatisiyira."

Sindinaimbenso ndi msuweni wanga. Kumaliro timapatsana moni ngati anthu okumana pabasi, ndipo iye amauza anthu kuti ndinakana chibale chifukwa cha timawaya. Katundu atayamba kupezeka m'masitolo ananditumizira timizere tatsopano m'envulopu, popanda kalata. Ndinatikhomera, gitala inachira, ndipo nyimboyo ndimaifikitsa kumapeto ndikakhala ndekha m'nyumba.

Patapita zaka ndinapita ku Sinda kukaona mwana wa achimwene uja atabereka. Ndinanyamula gitalayo ndi batire, nditatsimikiza mtima kuti ndikaulula zonse n'kumuimbira yathunthu. Ndinamupeza pakhonde akugoneka khanda, akung'ung'udza nyimbo ya atate ake. Anaisunga bwino kwambiri, ngakhale pagitala anaimva kamodzi kokha. Anakwera nayo mpaka pa kamzere ka makumi awiri, kenako anagogoda kawiri pamsana pa mwanayo ndi chala, thi, thi, n'kukhala chete. Anandimwetulira n'kunena kuti mwanayo sagona asanamve kugogodako. Gitala sindinaitulutse m'thumba.